Dothi la m'mabotolo a Yotam

Ackim anagogoda tebulo ndi chala n'kubwerezanso kuti nyumbayi igulitsidwe, abale ku Dowa akudikira. Mkulu wake Yotam anali atangoikidwa m'manda Loweruka, koma munthuyu, chitsikireni ndege, anali atayeza kale ndi maso zipinda zonse za nyumba ya ku Hyattsville, kutsidya kwa nyanja kuno.

Norah, mkazi wa malemu, anakwera pampando n'kutsitsa botolo la jamu pamwamba pa kabati. Munali dothi louma ndi kanthambi.

Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono. Yotam ankakolopa kukhoti ku Upper Marlboro, ndipo pa nthawi yopuma, anzake akusuta, iye ankawerenga mabuku akale amene maloya ataya. Tsiku lolandira makiyi a nyumbayi mu 1991 anakumba pakhomo ndi supuni, anathyola kanthambi, anaitana aneba awiri, n'kuika dothi ndi kanthambiko m'manja mwa Norah. Akuti ku Mangalande kalekale, anthu wamba asanadziwe kulemba, malo ankaperekedwa chonchi: mwiniwake ankaika dothi ndi nthambi m'manja mwa wolandira, mboni zikuona. Dzina lake livery of seisin, mawu ochokera ku Chifalansa chakale, kutanthauza kupereka malo m'manja mwa munthu.

"Ine ndinaseka mpaka misozi, alamu. Iwo ali gwade, suti ya kutchalitchi ili m'matope. Ndikuwasowa bambo aja."

Ackim anati dothi si pepala. Norah anayankha kuti pepalanso lilipo, la mayina awiri, lake ndi la Yotam, ndipo loya wanena kale kuti nyumba yatsala m'manja mwake. Ackim anayang'ana botolo lija. Kumudzi akanena chiyani? Iye mwini, ndi ana asanu ndi mmodzi, ankalima munda wa Yotam mongobwereka, ndipo amalume anali atayamba kale kuuloza.

Norah anakweranso pampando paja. Botolo lachiwiri linali la dothi lakuda. Yotam analitapa kumunda kwake atapita kwawo mu 1994, n'kudutsa nalo pabwalo la ndege atalibisa m'sokosi. Ankadikira tsiku limene mng'ono wake adzabwere kudzacheza.

Norah anaitana mwana wake Emmie kuti aime pomwepo ngati mboni, n'kutsegula chivindikiro.

"Tambasulani manja, alamu. Munda wa kudambo uja ankati ndi wanu. Tikulemberaninso kalata yoti mukaonetse amalume."

Ackim anapukuta manja onse awiri pathalauza, anakankha mpando, n'kugwada.