Sufiyani Aponyera Mlendo

A Hilary anatsika minibasi pa Ntaja msana utauma gwa, chikwama cha magolovesi chili paphewa. Ntchito yawo inali yovuta kuifotokoza ngakhale kwa akazi awo ku Kalembo. Ankayendera masukulu a sekondale kusakasaka ana odziwa kuponya mpira wa besibolo, masewera omwe ambiri kuno amangowaonera pa kanema n'kupukusa mutu. Matimu ena a kutsidya kwa nyanja anali pafupi kusankha osewera atsopano, ndipo mkulu wina wa kumeneko anawauza kuti atumize vidiyo ya mwana mmodzi yekha tsiku lomwelo. Akamukonda, amuitana kukayesedwa. Akapanda kumukonda, basi, zake zada.

Mwanayo anali Sufiyani wa Fomu 4. Aphunzitsi ake, a Wadson, anamutama pafoni mpaka batire kutha, amvekere akaponya ameneyu mpira umangoumva, suuona. Koma pa tsikuli a Wadson anali ku Ngokwe koyang'anira mayeso, foni atazimitsa. Choncho a Hilary anakwera kabaza n'kupita okha kwawo kwa mnyamatayo.

Bambo ake, Che Usumani, anali telala wa pakhonde. Analandira mlendo tepi ili m'khosi, nawayalira mkeka, ndipo tiyi ndi zitumbuwa zinafika a Hilary asananene n'komwe chomwe adzera. Sufiyani anatuluka, wamtali ngati nsungwi, nagwada n'kupereka moni ndi manja awiri. A Hilary anamukonda pomwepo, ngakhale ankadziwa kuti kutsidya kuja ulemu sauyeza.

Anapita pa bwalo la kuseri kwa mzikiti, anthu a m'makomo akutsatira pambuyo ngati kuli ukwati. Haruna, mnzake wa Sufiyani yemwe amawakha mipira yake kusukulu, anali atanyamula kasitomala pa njinga kupita ku Nselema. A Hilary anati palibe vuto, awakha okha. Anapereka foni kwa Habiba, mlongo wake wa Sufiyani, kuti azijambula. A Hilary anapatsa mnyamatayo golovesi wamba, navala yawo yowakhira, nanyonyomala mawondo akulira.

Sufiyani anayang'ana mlendo, nayang'ana bambo ake, kenaka anaponya.

Mpirawo unabwera mwaulesi ngati nkhuku yodwala chitopa. Wachiwiri unakagwa mu mtengo wa mango. Wachitatu unatsala pang'ono kugubuduza beseni la tomato pamutu pa mayi wina wodutsa. Anthu ankangowomba m'manja, poti sankadziwa kuti zabwino zimaoneka bwanji. A Hilary mtima unawawawa. Anakwiyira a Wadson ndi pakamwa pawo potsekemera, anadzikwiyiranso okha, koma koposa zonse anamumvera chisoni mnyamatayo, amene thukuta linali kamukamu pamphumi.

"Basi mwana wanga, zikomo," anatero akudzikung'untha fumbi. "Habiba, bweretsa foniyo."

Mtsikanayo anaibisa kumbuyo. "Iyayi, achimwene sanayambe kuponya."

"Nanga zomwe timachitazi ndi chiyani?"

"Ajatu ndi amanzere. Dzanja lamanjalo sadziwa nalo kanthu, n'lodyera basi."

A Hilary anatembenukira Sufiyani. "Zoona zimenezi? Bwanji sunanene?"

Mnyamatayo anakumba dothi ndi chala cha kuphazi. "Kusukulu ndimaponyera Haruna, mnzanga wa msinkhu umodzi. Koma inu ndinu akuluakulu, ndinunso alendo. Sindingakupatseni chinthu ndi manzere ababa akuona."

Zikanakhala zoseketsa dzuwa likanapanda kupendeka. A Hilary anamunyengerera, anati awa ndi masewera chabe, anati matimu a kunja amachita kulimbirana oponya amanzere chifukwa ndi osowa. Sufiyani ankangovomera ndi mutu, maso ali kwa bambo ake. Ndipo a Hilary sakanamunena. Iwonso anakula akudziwa kuti kulandira kapena kupereka ndi dzanja limenelo pamaso pa akulu n'kudziputira khofi.

Nthawi yonseyi Che Usumani ankangopinda ndi kutambasula tepi yawo. Kenaka anaimirira.

"Tandipatsani chachikopacho, alendo."

Anayesa kulowetsa dzanja lamanja, koma chala chachikulu chinasowa kolowera. Anatembenuza golovesiyo uku ndi uku monga achitira ndi malaya osokedwa ndi wophunzira.

"Imeneyo imavalidwa kumanzere, bambo," anatero a Hilary.

"Kumanzere? Ndiye kuti nthawi yonseyi inu mumalandira za mwana wanga ndi manzere?"

"Eya, ndi mmene amasewerera."

Che Usumani anaseka mpaka kutsokomola, ndipo bwalo lonse linaseka nawo. "Kani ndi masewera a mwano okhaokha. Amene anawayambitsa sanapite ku ndagala kukalangizidwa mwambo." Anakwinya mkanjo wawo mpaka m'mawondo. "Iwe Sufiyani, tamvera. Mlendoyu umusiye, alibe chifukwa. Uponyere ine. Iwe upereka ndi manzere, ine ndilandira ndi manzere, mlandu uthera pomwepo."

A Hilary anachita mantha, poti mpira wa besibolo ndi wolimba ngati mwala. Anawaveka bambowo chotchinga kumaso cha mawaya ndi chapachifuwa, nawauza kuti angoimika golovesi pamalo amodzi, asaisunthe ngakhale pang'ono. Che Usumani ananyonyomala, kofiya ili pamwamba pa mawayawo, akuoneka ngati munthu wosuzumira m'khola la nkhunda. Azimayi anagwirana mapewa ndi phwete.

Sufiyani anavula golovesi ija n'kuiika pansi. Anagwira mpira kumanzere, ndipo thupi lake lonse linasintha, mapewa anamasuka. Anakweza bondo, nagwedeza dzanja.

Phaa! Akhwangwala anabalalika mu mtengo wa mango. Che Usumani anapezeka atakhala pansi, miyendo m'mwamba, kofiya uko, koma mpira uli m'golovesi pomwe anaimika paja. A Hilary sanauone ukudutsa. Anangomva tsitsi likuwanyerenyetsa ndi chimwemwe.

"Wajambula?" anafunsa a Hilary.

"Zonse, ngakhale kugwa kwa ababa," anayankha Habiba.

Mnyamatayo anaponyanso kangapo, wina wowongoka, wina wokhota ukamafika, ndipo onse ankalowa momwemo. A Hilary analanda foni ija, naitukula m'mwamba kusaka netiweki. Vidiyo inapita. Tiyi wachiwiri asanawire, yankho linabwera lakuti mwanayo akonzeke, akufuna kumuona ndi maso.

Anthu akululutira, Che Usumani anavula golovesi. Chikhatho chinali chitafiira psu, chikuyamba kutupa, ndipo zinali zoonekeratu kuti mawa makina apuma. Anaitana mwana wawo, natenga dzanja lake lamanzere ndi manja awo onse awiri, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Dzanja ili," anatero motsitsa mawu, "ndinkalimanga ndi nsalu uli wamng'ono kuti uiwale kuti lilipo. Unkalira usiku wonse, ine osamasula." Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo, namwetulira. "Alihamudulila kuti silinandimvere."