Lamba Wowonda

Kalipentala wina, amene anzake ankamutcha Zalazinayi, anapita kusitolo kukagula lamba wa macheka a makina ake. Ankafuna wotambalala, wa mano akuluakulu, wong'ambira thabwa lochindikala, koma anapeza atatha.

"Tengani wowondayu, achimwene," anatero wogulitsa. "Mano ndi mano basi."

Iye ankadziwa kuti wowonda ndi wochekera zokhotakhota, komabe anatenga, mtima ukukana.

Atabwerera kunyumba n'kuyatsa makina, thabwa linalowa bwinobwino mpaka pakati. Kenaka anamva kaphokoso koti tche, tche, tche. Kaphokoso komweka anakamva tsiku limene anaduka chala.

Nthawi yomweyo mkazi wake, mimba ili patsogolo, analowa n'kudzaima pambali pa makinawo.

"Chokani pamenepo!" anakuwa Zalazinayi, koma mawu ake anamezedwa ndi phokoso. Anasiya thabwa n'kumukokera kukhomo. Lamba anaduka, phwaa! n'kukwapula khoma la pomwe anaima mkaziyo mpaka pulasitala kugwa.

"Bambo, mwatani?" anafunsa mkaziyo.

Zalazinayi anangokhala pansi, pa utuchi. Makinawo sanawayatsenso mpaka lamba woyenera atafika.