Mbatata za Khukhi Andireya

Andireya Zulu anaphikira azungu ku Fort Jameson zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma mkazi wake Ketilina anali asanalaweko ngakhale msuzi wa dzanja lake. Ufulu utabwera, bwana wake anamanga katundu n'kubwerera kwawo. Naye Andireya anapalasa njinga kubwerera ku Chiparamba ndi mpeni wake wakukhitchini, thaulo loyera, ndi manja osadziwa kukhala chete.

Khasu linamukana. Mizere yake inkapindika ngati njira ya woledzera, moti odutsa ankayang'ana kumbali kuti asaseke. Kukhitchini nako Ketilina anamukaniza kwamtuwagalu.

"Bambo a Dailes, mukufuna mudzi wonse uzinena kuti ndinakudyetsani khuzumule? Mwamuna wanzeru zake sagwira mthiko pakhomo pali mkazi."

Ndiye Andireya ankangokhala pakhonde kudikira chakudya ngati mlendo. Tisabise, zinkamupweteka. Ntchito imodzi yokha imene ankaidziwa inali yoletsedwa pakhomo pake pomwe, ndipo anayamba kuopa kuti adzakalamba mkazi wake asanadziwe kuti anakwatiwa ndi munthu wodziwa kanthu.

Loweruka lina mu Juni, Ketilina anapita ndi amayi anzake kukazira pansi m'tchalitchi. Atangopotera kuseri kwa nkhokwe, Andireya anadzambatuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Anakumba mbatata zisanu ndi imodzi, zonenepa, zofiira khungu, n'kuzikwirira m'phulusa lamoto. Anakazinga mtedza m'phale. Posinja anatseka chitseko n'kumagunda musi monyengerera, pakuti bambo wamkulu kupezeka ali pamtondo, nkhani yake ikanafika ku Chipangali dzuwa lisanapendeke.

Nsinjiro zija anaziphika ndi anyezi, matimati, mchere ndi timasamba ta nkhwani todula bwino. Kenako anathyola kambuzi kuseri kwa nyumba. Kwa dona, mkazi wa bwana uja, tsabola ankamuyeza pansonga ya mpeni, ndipo ngakhale apo dona ankapempha madzi. Lero kunalibe dona. Andireya anaponyamo kambuzi anayi, n'kuyamba kuimba mluzu.

Mbatata zitapsa anazing'amba pakati chamlitali. Anakolopola mkati ndi supuni mosamala kuti khungu lisabooke, n'kusakaniza zofewazo ndi nsinjiro za tsabola zija. Anabwezeranso m'makungumo mpaka kutumphuka, n'kuzindanda mumphika, makala pansi, makala pachivundikiro, monga amachitira ndi chikondamoyo. Pamwamba patayamba kufiira, fungo linatuluka lokha kukauza mudzi zimene chitseko chinkabisa.

Ketilina sanabwere yekha. Anali ndi mng'ono wake Elesi, mayi amene nkhani siinkagona m'kamwa mwake. Ataona utsi kukhitchini, nkhope ya Ketilina inagwa. Elesi ananunkhiza kawiri n'kumwetulira mpaka mano a kumatsagwidi.

"Alamu, kodi mwatenga mkazi wachiwiri ife tili kutchalitchi?"

Andireya anayala mphasa, anawasambitsa m'manja, anaika mbale patsogolo pawo. Kenako thupi linachita zimene linazolowera: anakoleka thaulo pamkono, anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, n'kuima njo pafupi ndi khoma.

Ketilina anayang'ana mbatata ija nthawi yaitali. Anali atakonza kale mawu okalipa, koma njala ya munthu wochokera kozira siimva zimenezo. Anatema kachidutswa. Anatafuna. Kutsekemera kwa mbatata kunayamba, mtedza n'kutsatira, kenako kambuzi anafika mochedwa koma mwaukali. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anangotambasula dzanja kutenga ina.

"Akulu," anatero Elesi, mphuno ikuchucha, "khuzumule ameneyu munamupeza kuti? Ndikufunako wa bambo a kwathu."

Ketilina anaseka mpaka kutsamwa. Anatembenuka kuti aone ngati mwamuna wake wamva, koma pambali pake panalibe munthu. Anamupeza kumbuyo, ali chiimire ndi thaulo lake.

"Nanga mwaimiranji uko?"

"Ndikudikira mumalize."

"Timalize? Inu mudya nthawi yanji?"

"Khukhi amadya pambuyo, mayi a Dailes. Zikatsala."

"Pati?"

"Kuseri kwa khitchini. Choimirira, kuti belu likalira usachedwe."

Ananena mopepuka, ngati akunena za nyengo. Koma Ketilina anasiya kutafuna. Zaka zonse zija iye ankauza anzake kuti mwamuna wake akudya bwino kutauni, atakhala pampando. Anamva chisoni, komanso manyazi pang'ono, kuti nayenso anamuthamangitsa pamoto osafunsa.

Ketilina anasendera pamphasa. Anadzuka, anachotsa thaulo pamkono pa mwamuna wake, n'kulikoleka pamsomali.

"Belu linapita ndi eni ake. Khalani apa."

Andireya anakhala movutikira, mawondo akulira. Ketilina anagwada n'kumuthirira madzi m'manja, ndipo anamusankhira mbatata yaikulu kuposa zonse, imene Elesi anali ataiyang'ana kale. Inali ikutulukabe nthunzi. Aka kanali koyamba kuti adye chophika chake chikadali chamoto, pambali pa munthu amene wamuphikira.

Analuma chachikulu, monyada. Sipanapite nthawi, maso anatong'oka, thukuta linatsika, chifuwa chinamugwira. Anafufuza chikho cha madzi ngati dona uja.

"Ndapyola muyeso," anavomera, mawu atasasa.

Elesi anagubuduka ndi chiseko. Amayi awiri apafupi anali atafika kale pakhomo, ati kudzapempha moto, maso ali pamphika. Ketilina anawaona, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti pofika mawa pa Misa nkhani ya khuzumule idzakhala itazungulira mudzi. Anawaitana kuti alowe alaweko. Kenako anapatsa mwamuna wake madzi, n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Mawa muthire kambuzi awiri basi, bambo a Dailes. Mtedza ndisinja ndine."