Njerwa za Pakhonde

Ngolo inali itadzaza theka pamene Thokozile ankatuluka m'nyumba ndi beseni la mbale. A Yoramu, akulu awo a malemu bambo ake, ankanyamula njerwa pakhonde ziwiriziwiri n'kumaziyala m'ngolomo. Sabata inali isanathe chiikireni maliro.

"Zikupita kuti, bambo aakulu?" Mawu anatuluka aang'ono moti anachita kubwereza.

"Kumanda. Mng'ono wanga wamangira anthu moyo wake wonse, ndiye iyeyo agone pansi pa mulu wa dothi ngati mlendo? Mvula ikangogwa, paja patitimira."

Thokozile anayang'ana amayi ake. A Regina anali pamphasa, mpango wakuda kumutu, maso pansi. Onse awiri ankadziwa kuti njerwazo sizinali za pakhomopo. Zinali za tchalitchi chakale cha kumtunda, chimene malemu a Paison, bambo ake a Thokozile, ankachikonza. Denga anali atakhoma malata atsopano, mawindo atabwezeretsa onse kupatula limodzi. Matenda atawafooketsa, anapempha kuti njerwa zimene zinagumuka pansi pa windo lotsalalo ziwapeze kunyumba. Ankazipala matope akale atakhala pakhondepo, imodziimodzi, uku akutsokomola.

"Amayi, nenanitu," ananong'ona.

"Ndinene chiyani, mwanawe? Akwawo kwa bambo ako sanandisudzule n'komwe. Ndiyambe kulimbana nawo pa njerwa? Ndatopa ine."

Thokozile anaika beseni pansi. Kusukulu sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa, koma tsopano anatembenukira kwa a Yoramu.

"Bambo aakulu, izi n'za kutchalitchi. Njerwa za masiku ano n'zazing'ono, sizingagwirizane ndi zinzake. Bowo la pansi pa windo lija likapanda kutsekedwa, madzi alowa m'khoma, ligwa lonse."

"Tchalitchi chili ndi komiti yake. Nanga iyeyu ali ndi ndani? Komitiyo inabwera ndi chiyani pamaliro pano, si nyimbo zokha?" Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Alamu, mwanayu mwamutuma ndinu?"

"Sindinatume munthu ine, alamu."

A Yoramu anamaliza kupakira, nakuwira ng'ombe. Thokozile anangotsatira pambuyo pa ngolo, ngati mmene anatsatirira bokosi, akutola zidutswa zogwa n'kumaziika m'chitenje. Cha ku Bwanje mitambo inali itada kale.

Njira ya kumanda imakwera chitunda n'kudutsa pafupi ndi tchalitchicho. Zitafika pamwamba, ng'ombe zinaima zokha, thovu lili kukamwa. A Yoramu sanazikakamize. Nawonso anali wefuwefu, ndipo maso awo anali ofiira, a munthu amene wagona pa siwa masiku angapo.

Bowo linali pomwepo, litatsekedwa ndi thumba la feteleza lomwe mphepo inali italing'amba. Pambali pake makwerero a malemu anali chitsamirire khoma. A Yoramu anayang'ana makwererowo nthawi yaitali, kenaka anasendera pafupi ndi chigawo chimene mng'ono wawo anamaliza. Anachisisita ndi chikhatho, n'kuchita tsinya.

"Iyeyu amadwaladi. Mmisiri amabisa mbali yoipa ya njerwa. Taona, zokumbikakumbika zonse waziyang'anitsa kunja."

"Si zokumbika," anatero Thokozile. "Ndi zala."

"Zala?"

"Za anthu amene anaziumba kalelo. Ankazinyamula zisanaume. Bambo amati anthuwo palibe amene akuwadziwa mayina, ndiye zala zawo zokhazo zizioneka."

A Yoramu anawerama. Anaika zala zawo m'timaenje ta njerwa ina, koma sizinakwane. Tinali tating'ono, ta mayi kapena ta mwana. Anayesa njerwa yotsatira, kenaka inanso, mpaka mzere unathera pabowo.

"Chitsiru cha munthu," anatero motsitsa. "Kuyambira ali mwana."

Mphepo yozizira inadutsa, itanyamula fungo la mvula. A Yoramu anachotsa thumba lija n'kulipinda bwinobwino.

"Tsitsa, mwanawe. Mosamala, usaswe. Za kumanda tidzaumba zathu mvula ikatha."

Thokozile anawapatsira njerwa yoyamba. Iwo anaitembenuza m'manja kawiri, katatu, mpaka anapeza pamene panali zala. Anapapemerera fumbi, n'kuikhazika pabowopo, zalazo zitayang'ana kunjira.