Zilombo za Yeremiya, Tinyongolotsi ta Laxon

Laxon atawerama kuti akankhire chikwama chake pansi pa bedi, nkhuku inamujompha padzanja. Inali itafungatira mazira m'bokosi la taipilaita, ndipo taipilaitayo inali pambali, itachita fumbi lofiira.

"Usaisokoneze imeneyo," anatero Yeremiya ataima pakhomo. "M'nyumba muno ndi yokhayo imene ikutulutsa kanthu."

Linali Loweruka lotentha la mwezi wa Okutobala, chaka cha 1961. Laxon anatsika basi pa katauni ka Concession n'kuyenda wapansi mpaka pa komboni ya pulazi ya fodya, pomwe Yeremiya ankakhala ndi azakhali ake, Mayi Filesi. Onse awiri anali ana a anthu a ku Nyasalande amene anabwera kudzagwira ntchito m'mapulazi, ndipo onse ankalemba mabuku a digiri ya udokotala wa zamaphunziro pa koleji ya ku Halale. Laxon ankafufuza tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya fodya. Yeremiya ankafufuza za gule wamkulu m'makomboni. Lachisanu lililonse ankakumana kuseri kwa laibulale, aliyense n'kuwerengera mnzake zimene walemba sabata imeneyo. Palibe amene ankadziwa kanthu za ntchito ya mnzake, koma womverayo akayamba kuwodzera, wowerengayo ankadziwa kuti tsambalo lifunika kulembanso. Kuyambira nyengo yozizira, Yeremiya sanaonekenso.

Akumwa tiyi pansi pa mtengo wa mabulosi, Laxon anayamba nkhaniyo.

"Pulofesa wako akukufunafuna, shamwari. Akuti ukapanda kuonekera mvula isanagwe, dzina lako alifufuta. Chavuta n'chiyani? Akuluakulu a gule anakukana?"

"Akanandikana zikanakhala bwino." Yeremiya anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndinalowa."

Laxon anaika kapu pansi. Iye anali mwana wa mkulu wa mpingo ku Tengwe. Ali wamng'ono, ng'oma za gule zikalira, mayi ake ankatseka chitseko n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku.

"Unalowa? Mpaka ku dambwe kwenikweniko?"

"Pulofesa anati buku langa lilibe mtima chifukwa ndikuonera patali. Ndiye ndinapempha. Anandilandira bwino, Laxon, ngati mwana wobwerera kwawo. Zonse zimene ndinkafunsa zaka zonsezi anandionetsa. Kenako ndinalumbira kuti sindidzaulula." Anaseka pang'ono. "Kale ndinkalephera kulemba chifukwa sindinkadziwa. Tsopano ndikulephera chifukwa ndikudziwa."

"Bwanji osangosintha mayina? Bukulo lizikakhala m'laibulale. Ndani wa pa komboni pano angakaliwerenge?"

"Ineyo ndine wa pa komboni pano."

Mawu olimbikitsa amene Laxon anawakonza m'basi muja anali a munthu waulesi kapena wotopa, osati a munthu womangidwa ndi lumbiro. Komanso anali ndi yakeyake imene sanafune kuitchula. Minda yake yoyesera ku Tengwe, imene anaisamalira madzinja awiri, inalimidwa ndi thalakitala mwezi wapitawo. Manijala watsopano wa pulaziyo sanauzidwe kuti zikhomo zopaka zoyera zija zinali za chiyani. Dothi lothira mankhwala linasakanikirana ndi losathira, ndipo theka la buku lake linakwiririka pomwepo. Anali atafunsira kale malo a uphunzitsi pa sukulu ina ya mishoni. Pobwera kuno, maganizo ake anali akuti adzutse mnzakeyo, iye n'kudzichokera mwakachetechete.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi cha udzu, anamva ng'oma kumunsi kwa zigafa za fodya. Yeremiya anati kuli gule wokumbukira mkulu wina amene anamwalira chaka chatha.

"Ukhoza kutsala ngati mayi ako akukuonera kuchokera ku Tengwe," anamuseka.

Laxon anapita. Anaima kumbuyo kwa anthu, manja ali m'matumba, ali ndi mantha ngati mwana wakuba shuga. Chilombo choyamba chinatulukira kuseri kwa mabulugama, chikupalasa fumbi mpaka dzuwa linasanduka lachikasu. Chachiwiri ndicho chinamudabwitsa. Chinali ndi nkhope yofiira ndi chipewa chakhaki, chikuyenda motsimphina, chikuyang'anayang'ana padzanja ngati pali wotchi. Anthu anafa nacho chiseko.

"Ichi n'chiyani?" ananong'oneza.

"Chimenechi kumudzi kulibe. Chinabadwira pano. Panali manijala wina kale amene ankakana kulemba tikiti ya malipiro ya munthu akachedwa pang'ono kumunda. Manijalayo anapita, koma kayendedwe kake kanatsala."

"Zilombo zimabadwa?"

"Pulazi iliyonse ili ndi chake. Ku Guruve ndinaona china chonyamula sikelo ya m'sitolo."

Laxon anasendera kutsogolo. Azimayi ankaomba m'manja akuimba, ndipo khutu lake linagwira mawu a Chishona pakati pa nyimbo ya Chinyanja.

"Bwanji akuvomera m'Chishona?"

"Theka la azimayi amenewa ndi Achizezuru, okwatiwa ndi amuna akwathu. Poyamba ankangoomba m'manja. Kenako anayamba kulowetsa mawu awo, ndipo nyimbo zina zasintha tanthauzo lonse. Iyi kumudzi ndi ya mpongozi wovuta. Pano yasanduka ya mwamuna amene amalonjeza chaka ndi chaka kuti apita kwawo."

"Nanga awo akuyambitsa nyimbowo, si azakhali ako? M'mawa uja si omwewo anayambitsa m'tchalitchi?"

"Ndi omwewo. Amati m'mawa amaimbira Mulungu, masana amaperekeza anzawo."

"Malemuyo anali m'bale wawo?"

"Analibe m'bale kuno. Kumudzi mwambo ngati uwu amakonza ndi abanja. Pano amakonza ndi amene unakwera nawo lole imodzi pobwera kudzafuna ntchito. Ukaona atatu akhala pamphasa apowo, mmodzi ndi wa ku Dedza, wina wa ku Ntcheu, winayo ndi bambo Jacinto a ku Tete. Sali pachibale. Koma lero iwowo ndiwo eni maliro, ndipo akazi awo ndi amene afulula mowa."

Yeremiya analankhula nthawi yaitali, akuloza ndi chibwano, nkhope yake itawala momwe inkawalira kuseri kwa laibulale. Laxon anaiwala mantha ake. Funso lililonse linkabala lina, ndipo anazindikira kuti sanawodzere ngakhale pang'ono.

Pobwerera, fumbi lili m'tsitsi, Laxon anagwira mkono wa mnzake.

"Pa zonse wandiuzazi, chilipo chimene unalumbirira?"

Yeremiya anaima. "Ayi. Zimenezo ngakhale mwana amaziona."

"Ine ndakulira m'komboni, koma sindinazionepo. Pulofesa wakoyo ndiye kaya."

"Iye akufuna za ku dambwe."

"Akufuna za ku dambwe chifukwa ndi zokhazo akudziwa kuti sakuzidziwa. Za lole ija anazimvapo? Za chipewa chakhaki?"

Anayenda mpaka pa mpope wa madzi. Yeremiya anasamba kumaso, n'kukhala chiweramire, madzi akudontha pachibwano.

"Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero pomaliza. "Koma sindilemba chilembo ngakhale chimodzi ndisanawafunse akuluakulu aja. Akakana, basi."

"Akavomera?"

"Akavomera, Lachisanu ndibwera. Koma uyambe ndiwe kuwerenga. Tinyongolotsi tako tafika pati?"

Laxon anafuna kunama. Bodzalo linafika pakamwa, koma linakanika kutuluka pamaso pa munthu amene dzulo lake anamuuza zoona zokhazokha. Anafotokoza za thalakitala, za zikhomo zoyera zimene anazipeza zitaunjikidwa pa chulu, ndi za sukulu ya mishoni.

"Ndiye unabwera kudzandikankhira m'basi, iwe n'kutsala pa siteji?" anafunsa Yeremiya.

"Kuyambiranso ndi madzinja ena awiri. Mphamvu zimenezo ndilibe."

Yeremiya sanamutsutse. Anangoti, "Za nyongolotsi sindidziwa kanthu," ndipo nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake Laxon atamanga chikwama kuti akakwere basi, mnzakeyo anati adzere kaye kudimba la azakhali, m'munsi mwa damu, akatenge masamba opita nawo ku Halale. Dimbalo linali laling'ono, lotchingidwa ndi minga. Yeremiya anaima pakati pa mizere ya matimati.

"Dzulo wandifunsa mafunso mpaka kukhosi kuuma. Langa ndi limodzi. Bwanji matimati a mbali iyi akufota, pomwe a uko ali bwinobwino? Mbewu ndi imodzi, wothirira ndi mmodzi. Ndakhala ndikudabwa nazo chibwerereni."

Laxon anayang'ana mwaulesi, kenako anazula umodzi wofota. Mizu yake inali ndi timfundo totupa, tambirimbiri ngati mikanda. Anatidziwa bwino timeneti: inali ntchito ya tinyongolotsi take tija. Anapita mbali inayo, pomwe matimati anamera pakati pa chitsamba china chonunkha kwambiri, cha timaluwa tachikasu, n'kuzula umodzi. Mizu inali yosalala, yoyera. Anazula wachiwiri. Chimodzimodzi.

"Mwina ndi dothi," anatero. "Mwina kuno kunatayidwa phulusa, kapena madzi sakhalitsa. Zifukwa zikhoza kukhala zambiri. Mizu iwiri si umboni."

Koma anali atagwada kale, thalauza lake la paulendo lili m'matope. Anafikisa tsamba la chitsambacho pakati pa zala, n'kununkhiza.

"Chimenechi chinadzalidwa kapena chinamera chokha? Chakhala pano nthawi yaitali bwanji? Kumadimba enawo chiliko?"

"Funsa eni ake. Ndi awo akubwerawo."

Mayi Filesi anatula chitini cha madzi pachipata, n'kuona matimati awo atagona pansi, mizu ili m'mwamba.

"Maiwe! Ana inu, mwandilowetsera nkhumba m'dimba?"

"Pepani mayi," anatero Laxon akudzuka, matope ali m'mawondo. "Ndimafuna kudziwa za chitsamba ichi. Bwanji simuchipalira?"

"Chonunkhacho? Ndimayala m'khola la nkhuku, chimathamangitsa utitiri. Ndiye mwazulira matimati anga chimenecho?"

"Kodi mungandilole ndikumbe dothi pang'ono, mbali iyi ndi iyo, ndikaliyeze? Ndi kwa anzanu enanso amene ali ndi madimba?"

Mayiwo anamuyang'ana, n'kuyang'ananso mwana wa mlongo wawo, amene ankaseka chamumtima.

"Kumbani. Koma wozula matimati amathirira. Zitini ndi izo."

Kumsewu waukulu basi ya ku Halale inaliza hutala, n'kudikira pang'ono monga mwa chizolowezi. Kenako fumbi lake linakwera pamwamba pa mabulugama. Anyamata awiriwo anali kutsetsereka kupita kudamu, aliyense ndi chitini m'manja, akukangana kuti Lachisanu ayambe kuwerenga ndani.