Nsapato za Mlamu

Patatha zaka ziwiri chidukire mwendo, dalaivala wina anaitanidwa kukayesedwa ntchito ya ulonda pa nyumba yosungira katundu. Mkazi wake ndiye anasowa mtendere. Ana anali atayamba kudyera kwa anthu oyandikana nawo, ndipo iye anadziwa kuti ntchitoyi ikaphonyeka, banja libalalika.

M'mawa mwake anabisa nsapato zakale za mwamunayo kuseri kwa kabati, natulutsa zakuda zonyezimira zobwereka kwa achimwene ake.

"Mayi, mmisiri anati mwendo wopangawu anaukonza poyeza chidendene cha nsapato zakale zija," anadandaula mwamunayo. "Izi zatalika kumbuyo."

"Ndiye mukaonekere pamaso pa abwana ndi zong'ambika ngati wamisala? Valani, bambo, musandipsetse mtima!"

Chikondi chikaphatikana ndi mantha chimagontha m'kutu. Mwamunayo anavala.

Atatsika basi, mayiyo anaona yekha zomwe anachita. Chidendene chachitalicho chinkakankhira bondo lachitsulo kutsogolo, ndipo mwamuna amene ankayenda mosadziwika kuti ali ndi mwendo wopanga tsopano ankadzandira ngati walawa. Pabwalo panali amuna khumi ndi awiri pamzere. Kapitawo ankawauza mmodzimmodzi kuti ayende mofulumira kukagunda khoma ndi kubwerera.

"Khalani kumapeto kwa mzere, ndikubwera!" anatero mayiyo, n'kuliyatsa liwiro lobwerera kunyumba kukatenga nsapato zakale zija.

Basi inachedwa. Kiyi anakana kaye kutembenuka. Anagwetsa kabati, mbale n'kusweka, iye osacheuka n'komwe. Pobwerera anafumbata nsapato zong'ambikazo pachifuwa, akupempha Mulungu mokweza mpaka anthu m'basimo anamusunthira.

Anapeza geti atatseka. Kudzera m'mawaya anaona mwamuna wake atakhala pansi pakati pa bwalo, thalauza litang'ambika pabondo, chitsulo chili poyera. Amuna enawo ankayang'ana kumbali. Kapitawo anali akulemba kale dzina la munthu wina.

"Bwana, ndabwera nazo!" anakuwa, akugwedeza geti. "Ayesenso kamodzi kokha! Amayenda bwino, wolakwa ndine!"

Kapitawo sanadzutse mutu.

Mwamunayo anadzuka movutikira, natsimphina mpaka pageti. Anamuyang'ana mkazi wake popanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka mayiyo koposa.

"Musalire pagulu, mayi," anatero chapansipansi. "Tiyeni tikauze ana kuti akonzeke. Apita kwa azakhali awo."