Paketi Yofiira ya Sobhi

Sobhi atapuma ntchito yoyendetsa sitima zamagetsi za m'misewu ya Alexandria, manja ake anasowa chogwira. Ena akapuma ntchito amaweta nkhunda padenga, ena amasanduka chisokonezo cha akazi awo kukhitchini. Iye anakumana ndi matsenga a makhadi pafoni, ndipo anatengeka nawo ngati mnyamata woyamba kufunsira. M'mawa uliwonse ankaima pagalasi la kabati, foni ataitsamiritsa pabotolo la mafuta odzola, n'kumabwereza chinthu chimodzimodzi: kusakaniza makhadi mooneka bwinobwino, koma khadi limene walifuna osachoka pamwamba. Zala zaukalamba sizimva msanga. Zinamutengera zaka, ndipo mkazi wake Nawal anatopa n'kusesa makhadi kunsi kwa bedi.

Madzulo dzuwa likapepa ankapita ku tiyirumu ya pakona, kumene ankasewera makhadi ndi anzake atatu kuyambira tsitsi lisanayere. Sankaikapo ndalama. Oluza ankangonyozedwa mpaka mawa lake, ndipo kwa amuna a msinkhu umenewo chilango chimenecho n'chokwanira. Masewera awo anali a awiriawiri. Mbali ina kunali Haji Abdel-Latif, wogulitsa nsalu amene pakamwa pake sipankatsekeka, ndi mlamu wake Fayez wosayankhulayankhula. Sobhi mnzake anali Morcos, wokonza mawotchi amene anatseka shopu manja atayamba kunjenjemera. Makhadi ankatha kuwagwira, koma kusakaniza ayi. Choncho nthawi yake yogawa ikafika, ankangokankhira paketi kwa Sobhi ndi nsonga ya chala, Sobhi n'kusakaniza m'malo mwake. Sanachite kupangana. Zinangoyamba tsiku lina, ndipo palibe ankazitchula, pakuti kuzitchula kukanakhala kutchula manja a Morcos.

Anayambitsa zonse ndi Haji. Anafunsa Sobhi pamaso pa anthu kuti chipumireni ntchito amatani m'mawa wonse, kodi amasendera Nawal anyezi? Sobhi anayabwidwa. Anapisa m'thumba n'kutulutsa paketi yakeyake yofiira, poti makhadi a patiyirumupo anali omata ndi shuga ngati adutsa m'manja mwa ana. Fayez anasankha khadi, naliona, nalibwezera pakati. Sobhi anasakaniza, anasakanizanso, kenako n'kutembenuza la pamwamba. Linali lomwelo, seveni wa mitima. Wopereka tiyi anaomba m'manja thireyi ali nayo kukhwapa. Ophunzitsa a pafoni onse amachenjeza kuti matsenga sabwereza kawiri pamaso pa anthu omwewo, koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Sobhi anabwereza, ndipo anabwerezanso.

Haji anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasiya kuseka.

"Ndiye kuti iwe, ukafuna khadi likhale pamwamba, limakhaladi?"

"Limakhala," anayankha Sobhi, mtima udakali m'mwamba.

Tsiku limenelo Sobhi ndi Morcos anapambana, koma palibe ananyoza mnzake. Haji anangonena, akuyang'ana kumsewu, kuti aka kanali koyamba kuzindikira kuti theka la magawo a patebulopo limachokera m'manja mwa munthu mmodzi.

Mawa lake nthawi ya Morcos itafika, chala chija sichinakankhe paketi. Anainyamula yekha. Anayesa kuigawa pakati, makhadi n'kumwazikira pamiyendo ndi pansi pa tebulo. Sobhi anawerama kuti atole, koma dzanja la Fayez linamutsogolera. Morcos anayambanso, thukuta lili kamukamu pamphumi, ndipo enawo anayang'ana makapu awo mpaka anamaliza. Morcos anali munthu wosafuna kupambana konunkha, ngakhale fungolo likhale la m'maganizo mwa anthu chabe.

Sobhi sanaberepo anzakewo ngakhale kamodzi. Izi ankazidziwa iye ndi Mulungu, koma patebulopo Mulungu sankagawa nawo makhadi. Anayesa kulumbira, Haji nati palibe wamunena. Anayesa kuluza mwadala, Haji nati munthu wosankha tsiku loluza angathenso kusankha tsiku lopambana. Masiku anapita, Morcos akulimbanabe ndi paketi, anthu a matebulo ena atayamba kutembenuka kudzaonerera. Kenako anayamba kujomba, akuti mwendo. Sobhi zinamupweteka kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti kupatula tebulo limenelo Morcos analibe kwina kopita.

Ndiye Sobhi anakwera sitima yomwe ankayendetsa kale n'kupita kwa Adli, mwini kasitolo ka mabaluni ndi ndevu zomata, amene kuseri kwa kauntala ankasunga katundu wa amatsenga. Adli ankawadziwa manja a Sobhi. Ankachita kuitana makasitomala kuti adzaone momwe mkulu ameneyu amasakanizira. Sobhi anapempha makhadi odula, aja amene mbali imodzi ndi yochepa pang'ono, moti ukatembenuza limodzi zala zimalipeza zokha.

"Inuyo, achikulire? Amenewa ndimagulitsa kwa amalume ofuna kuseketsa ana pa chikondwerero cha Idi. Musanyoze manja anu chonchi."

"Ndipatseni ofiira," anatero Sobhi.

Kunyumba anawapukusa pansalu ya tebulo ndi kuwapindapinda mpaka anaoneka ogwiritsidwa ntchito. Nawal anamuyang'ana, nati ukalamba ulibe mankhwala.

Sobhi anadikira tsiku limene Morcos anabwera. Asanayambe kusewera, anaponya paketiyo patebulo n'kunena kuti watopa nazo, aone okha. Anawaonetsa mbali yochepayo. Anatembenuza khadi limodzi, naliika pakati, nalisolola ndi zala ziwiri ngati akuzula tsitsi m'chakudya.

"Ndi makhadiwa, si ine. Ndinagula kwa Adli. Pa makhadi wamba ine sinditha kanthu."

Haji analanda paketiyo, nayesa, ndipo zinatheka ulendo woyamba womwewo. Ha, chimwemwe chake! Anaitana wopereka tiyi, anaitana ometa tsitsi a khomo linalo, aliyense ayese matsenga a Sobhi. Anati iye ankadziwa kale, munthu amene wakhala moyo wonse akuyendetsa chinthu choyenda chokha panjanji angakhale bwanji ndi luso m'manja. Pomwepo anamupatsa dzina loti Wamatsenga wa m'Sitolo, ndipo aliyense anaona kuti dzinalo silidzachoka. Sobhi anaseka nawo. M'kati mwake munali mukuwawa, pakuti pa zonse zimene anachita m'moyo, ichi chokha ndicho anachiphunzira popanda womutuma, ndipo tsopano ngakhale Fayez anali kuchichita ndi dzanja limodzi.

Morcos yekha sanaseke. Anatenga khadi limodzi, nalisisita m'mbali ndi chala chake chonjenjemeracho nthawi yaitali, kenako anayang'ana Sobhi. Zimene anaona sananene. Anabwezera khadilo pamulu n'kuitanitsa makhadi omata aja kuti masewera ayambe.

Anagawa Haji, akuimba. Kenako paketi inafika kwa Morcos. Inakhala pamaso pake kanthawi, ndipo Sobhi anayang'ana kumbali ngati zosamukhudza. Anamva kukhwekhwereza pang'ono patebulo. Paketi inali itafika pafupi ndi kapu yake.

"Sakaniza iwe," anatero Morcos. "Koma usagwetse. Manja akowo ndi achabechabe kuposa anga."

Sobhi ananyamula makhadiwo. Zala zake zinafuna kuyenda momwe zinaphunzirira pagalasi paja, mosalala, mopanda phokoso, ndipo anachita kuzigwira mwamphamvu kuti zisatero. Anasakaniza mwaubulutu ngati munthu wovala magolovesi. Chakumapeto analekerera khadi limodzi kuti ligwe pansi, Haji n'kumenya tebulo ndi chiseko.

Kuyambira tsiku limenelo Morcos sanajombenso. Ndipo Sobhi akamasakaniza, kaya m'gawo lake kaya la mnzake, sankaiwala kugwetsa khadi limodzi.